Malo a kunyanja alipo, koma maulendo a alendo tiwayamba bwanji?

Funso: Ndimakhala ku Katoto muno mu Mzuzu ndipo ndapuma pa ntchito chaka chino. Banja lathu lili ndi malo a mahekitala pafupifupi 6 m'mbali mwa nyanja, pakati pa Nkhata Bay ndi Chintheche. Pali nyumba yakale, mitengo ya mango, kaphiri kumtunda ndi kagombe ka mchenga pakati pa miyala. Ana akundiuza kuti ndigule makayaki 12 ndi boti la injini kuti tizitenga alendo panyanja ndi kumapiri. Ndiyambire pati kuti ndalama za penshoni zisamire? Bambo wa ku Katoto.

Yankho: Bambo, makayaki 12 aja, timabwato topepuka topalasa ndi nkhafi, musagule kaye. Maganizo a ana anu ndi abwino, ndipo malo amene mwafotokozawo ambiri amawasirira, koma pa ntchito imeneyi katundu ndiye gawo losavuta. Chimene mlendo amalipira kwenikweni ndi munthu amene amadziwa madzi a pamalopo, amene angayang'ane nyanja m'mawa n'kunena kuti lero sitipita, ngakhale alendo atalipira kale ndipo ali chilili pagombe. Bizinesi yonse iyenera kumangidwa mozungulira munthu ameneyo ndi mphamvu yake yokana.

Tiyambe ndi mphepo, chifukwa ndi imene idzalamulire kalendala yanu. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala kumaomba mwera, wochokera kummwera chakum'mawa. Umatsata utali wa nyanja, ndiye pofika chigawo cha Nkhata Bay mafunde amakhala atakula, ndipo gombe loyang'ana kum'mawa ngati la ku Chintheche limawalandira onse. Mwera ukhoza kuomba masiku angapo osapuma. Nthawi ya dzinja kumabwera mpoto, komanso mvula ya mphenzi imene imasonkhana msanga pamwamba pa mapiri. Vuto lake ndi ili: miyezi imene alendo akunja amachuluka ndi yomweyo ya mwera. Nyengo imene nyanja imakonda kukhala bata ndi ya Okutobala ndi Novembala, koma apo dzuwa limaswa mtengo. Choncho musawerengere kuti tsiku lililonse louma ndi tsiku lopalasa.

Pali mphepo ina imene imapusitsa anthu kuposa mwera, ndiyo yochokera kumtunda kupita pakati pa nyanja. Ikamaomba, madzi a pafupi ndi gombe amaoneka osalala chifukwa phiri likuwatchinga, koma kayaki ikangotalikira mamita 200 kapena 300 imayamba kukankhidwira kunja, ndipo wophunzira kumene sangabwerere yekha. Kutsidya ndi kutali, makilomita oposa 50. Kumbukiraninso kuti chigawo cha kumpoto n'chakuya kwambiri, mpaka pafupifupi mamita 700 pamalo ozama koposa, ndipo pamagombe a miyala munthu amachoka poponda pansi kufika posaponda m'masitepe ochepa chabe.

Ndiye ntchito yoyamba, imene siidya ndalama zambiri, ndi kugula kope n'kulemba munthu wa pamalopo kuti azilemba katatu patsiku, 6 koloko m'mawa, 10 koloko ndi 3 koloko masana: mphepo ikuchokera kuti, mafunde akuchita thovu loyera kapena ayi, munthu angakankhe bwato pagombe lanu osagubuduzika kapena ayi. Thovu loyera likayamba kuoneka paliponse, mphepo yafika kapena yaposa makilomita 20 pa ola, ndipo ameneyo ndi malire abwino a alendo osazolowera. Kopelo liyende nyengo yonse ya mwera. Lidzakuuzani masiku angati pamwezi amene mungagulitsedi ulendo wa panyanja, ndiponso maola ake. Phatikizani ndi machenjezo a mwera amene Dipatimenti ya Zanyengo imalengeza pa wailesi, koma dziwani kuti chenjezo la nyanja yonse silidziwa kagombe kanu mmene asodzi a pamenepo amakadziwira.

Pamene kope likudzaza, inu konzani za malo. Mwati malowo ndi a banja. Mawu amenewo agwetsa mabizinesi ambiri a kunyanja, chifukwa pamene pali tchire palibe amene amalankhula, koma magalimoto a alendo akayamba kufika, mwana wa malume ndi mdzukulu wa azakhali amakumbukira kuti nawonso ndi eni ake. Fufuzani ngati malowo ali ndi lizi, ili m'dzina la yani, yatsala zaka zingati, ndiponso inaperekedwa kuti pachitike ulimi, pakhale nyumba kapena bizinesi. Ngati ndi ya ulimi, pamafunika chilolezo chosintha ntchito ya malo. Ngati ndi malo a makolo osalembetsa, lamulo la Customary Land Act la 2016 ndi zosintha zake za 2022 ndi zimene zimatsogolera kalembetsedwe, ndipo poyambira ndi ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya Nkhata Bay komanso kwa mafumu. Abale onse amene ali ndi mbali asainirane pangano lolembedwa, loya ataliona, lonena amene akuika ndalama, amene akupereka malo, ndi mmene phindu lidzagawidwire.

Kenako mudzi. Pafupifupi gombe lililonse lili ndi kanjira kamene amayi amatsikira kukachapa ndi kutunga madzi, ndi dooko pamene asodzi amakocheza. Mukatseka zimenezi ndi mpanda mwadzipangira adani amene mudzawafune tsiku la ngozi, chifukwa kayaki ikatengedwa ndi mphepo, oyamba kuiona ndi kuifikira ndi asodzi. Khalani pansi ndi nyakwawa, gulupu ndi komiti ya asodzi ya pagombe, ija amati BVC, mugwirizane pamene makayaki azitulukira, pamene matchera amatcheredwa, ndi maola amene khoka la chilimira limabwera kumtunda m'mawa. Funsaninso za manda ndi malo ena olemekezeka pakaphiri paja, njira ya alendo iwalambalale. Anthu a kumeneko ndi Atonga, ndipo gaidi, woperekeza alendo, wolankhula Chitonga amatsegula zitseko zimene inu simungatsegule ndi kalata.

Pomanga chilichonse, funsani akuluakulu pamene madzi anafika mu 2024. Chaka chimenecho nyanja inakwera kwambiri moti malo ogona alendo ambiri a m'mbali mwa nyanja analowa madzi. Sitolo ya zipangizo, zimbudzi ndi maenje ake zikhale kumtunda kwa mzere umenewo. Dzenje la chimbudzi lisayandikire madzi kuposa mamita 30, ndipo pa dothi la mchenga litalikire kuposa apo.

Za mapepala a boma sindichulukitsa, chifukwa njira yake ndi yodziwika. Lembetsani bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani nambala ya msonkho ku MRA, laisensi ya khonsolo, ndi laisensi ya zokopa alendo kudzera ku ofesi ya boma yoona za zokopa alendo, imene imayendera malo isanavomereze. Boti lonyamula anthu olipira limagwa pansi pa lamulo la Inland Waters Shipping Act, ndiye liyenera kulembetsedwa ndi kuyezedwa ndi Dipatimenti ya Marine, ndipo woyendetsa akhale ndi chiphaso. Ngati mudzamange zipinda kapena jeti m'mbali mwa madzi, lemberani MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, musanakumbe maziko kuti akuuzeni kafukufuku wa zachilengedwe amene akufunika. Pa inshuwalansi pokha ndiimepo pang'ono. Inshuwalansi ya nyumba ndi katundu siikhudza mlendo amene wamira. Mukufunika ija yoteteza bizinesi mlendo akavulala kapena kumwalira, ndipo muumirire kuti alembe m'pepalamo, dzina ndi dzina, masewero onse amene mukuchita: kupalasa kayaki, kusambira koonera nsomba, kukwera boti, kukwera phiri. Chimene sichinalembedwe sadzalipira. Fomu imene mlendo amasaina yovomereza kuti akudziwa kuopsa kwa ulendo ndi yofunika, koma siikupulumutsani ngati life jacket, jekete yoyandamitsa munthu m'madzi, inali yong'ambika kapena gaidi anali ataledzera.

Tsopano munthu uja. Magaidi abwino a panyanja kawirikawiri amachokera m'magulu awiri, ndipo gulu lililonse lili ndi chimene likusowa. Mnyamata wokulira pabwato amadziwa mphepo, amasambira ngati nsomba, koma sadziwa mantha a munthu amene sanalowepo m'madzi ozama, ndipo amaona life jacket ngati chovala cha anthu ofooka. Wophunzira zokopa alendo, monga amene amatuluka ku Mzuzu University, amadziwa kulandira mlendo, kulankhula Chingerezi ndi kusunga mabuku, koma mwina sanagubuduzikepo pamafunde. Lembani mmodzi kuchokera ku gulu lililonse, aziyenda awiri ndi kuphunzitsana. Onse achite maphunziro a chithandizo choyamba, monga amene amaperekedwa ndi Malawi Red Cross Society, ndipo aziwabwereza. Musanawapatse mlendo woyamba, muwaone ndi maso anu akuchita izi pa madzi ozama: kusambira mamita 200 osapuma, kutembenuza kayaki yogubuduzika ndi kukweramonso, kukweza munthu wonenepa wotopa amene sakudzithandiza, kukoka kayaki ina ndi chingwe molimbana ndi mphepo, ndi kuponya chingwe chopulumutsira chikafike pa munthu amene ali mamita 10 kapena 15. Azibwereza zimenezi kamodzi pamwezi, ndipo tsiku lake lizilembedwa.

Kalipiridwe kawo ndi nkhani ya moyo ndi imfa, ngakhale kamaoneka ngati nkhani ya ndalama chabe. Gaidi amene amalandira malinga ndi maulendo amene wapita sadzakana ulendo, chifukwa kukana ndi kugona ndi njala. Mpatseni malipiro a pamwezi okhazikika, ndi kontrakiti yolembedwa monga lamulo la ntchito likunenera, ndipo tsiku limene waletsa ulendo chifukwa cha mphepo lisamudulire kanthu. Muuzeni pamaso pa ana anu ndi antchito onse kuti pa nkhani yotuluka kapena kusatuluka, mawu ake ndi omaliza, ndipo ngakhale inu mwini malo simungawasinthe pa foni muli ku Mzuzu. Mlendo wamkulu akakalipa kuti walipira, inu muime kumbali ya gaidi. Mukangomugonjetsa kamodzi, sadzakananso.

Katundu woyambira ndi wochepa kuposa amene ana akunena. Makayaki 4 a anthu awiriawiri ndi 2 a munthu mmodzi a magaidi akukwana: alendo 8, magaidi awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Gulani aja okhala pamwamba, opanda chibowo cholowetsamo miyendo, chifukwa akagubuduzika munthu amangogwera m'madzi osakodwa, ndipo madzi olowa amatuluka okha m'timabowo ta pansi. A pulasitiki yolimba amapirira miyala kuposa a faiba. Mdani wawo ndi dzuwa ndi kukwakwaza pamchenga. Asungeni pamthunzi, atagona cham'mbali pa thandala, ndipo azinyamulidwa ndi anthu awiri. Pulasitiki imeneyi guluu sagwira, ikang'ambika amaiwotcherera ndi mpweya wotentha ndi kachidutswa ka pulasitiki ya mtundu womwewo. Kachitsekero kotulutsira madzi kumbuyo kazionedwa ulendo uliwonse, popeza kakaiwalika kayaki imamwa madzi mkati mwakachetechete mpaka kuyamba kupendama pakati pa ulendo. Nkhafi zikhale ndi ziwiri zapadera.

Pa life jacket musaumire. Alendo anu ambiri adzakhala a konkuno, mabanja a ku Mzuzu, magulu a mipingo, ana a sukulu, ogwira ntchito m'mabungwe, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa kusambira. Ena amachita manyazi kunena, makamaka abambo pamaso pa anzawo. Choncho musafunse pagulu kuti ndani sasambira. Funsani pa fomu, aliyense payekha, ndipo ngakhale atayankha bwanji, aliyense avale. Majekete opepuka olembedwa 50N ndi a anthu osambira kale, amangothandiza kuyandama. Osasambira ndi ana amafunika a 100N kapena kuposa, okhala ndi kolala yokweza mutu, ndipo a ana akhale ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Poyesa, gaidi amange malamba onse kenako akoke jeketeyo m'mapewa kupita m'mwamba. Ikafika m'makutu, ndi yaikulu, ndipo m'madzi idzavuka. Gulani masaizi onse, kuphatikizapo aakulu kwambiri, chifukwa munthu wonenepa amene jekete siikumukwana ndi amene amauzidwa kuti ingoikolekani choncho. Jekete iliyonse ikhale ndi wezulo, ichapidwe ndi madzi oyera, iumitsidwe pamthunzi, ndipo isakhale mpando wa munthu pagombe, chifukwa siponji ya mkati ikaphwanyika mphamvu yoyandamitsa imatha.

Ulendo woyamba kugulitsa ukhale waufupi: maola awiri kapena awiri ndi theka, kunyamuka 7 koloko m'mawa, kutsata gombe osatalikira mamita 100 kapena 150. Gulu la ophunzira limayenda pafupifupi makilomita 3 pa ola, ndiye makilomita 4 kapena 5 kupita ndi kubwera, kuphatikiza kuima kuonera nsomba za mbuna pamiyala, ndi okwanira. Popita muzilimbana ndi mphepo, kuti pobwera, anthu atatopa, izikukankhirani kunyumba. Ambiri amachita mosemphanitsa chifukwa kuyamba ndi mphepo kumbuyo kumakoma, kenako ulendo wobwerera umatenga nthawi yowirikiza. Njira yonse muiyendere kaye n'kulemba malo onse okochezapo mwadzidzidzi, chifukwa pagombe la miyala pakhoza kukhala kilomita yathunthu yopanda potulukira mafunde akakula. Pamalo aliwonse otere yesani netiweki ya Airtel ndi ya TNM, mudziwe pamene foni imagwira.

Asanakwere, mphindi 10 pamchenga: kagwiridwe ka nkhafi, kukhota, kuima, tanthauzo la wezulo, ndi chochita ukagwera m'madzi, chomwe ndi kugwira kayaki osaisiya ndi kudikira gaidi. Kenako aliyense alowe m'madzi ofika m'chifuwa atavala jekete, agone chagada, amve yekha kuti ikumunyamula. Kachitidwe kameneka kamachotsa mantha amene amapangitsa munthu kukakamira mnzake mpaka onse kumira. Pagombe patsale munthu mmodzi amene ali ndi mayina a onse, nthawi yonyamukira ndi yobwerera, ndipo adziwe chochita mphindi 30 zikadutsa gulu lisanaoneke. Anthu aziwerengedwa pokwera, poima paliponse ndi potsika. Mowa ukhale wa pambuyo pa ulendo, ndipo amene wamwa kale sakwera. Lamulo limeneli lidzayesedwa kwambiri pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ndi pa Khirisimasi, pamene Mzuzu yense amatsikira kunyanja. Masiku amenewo onjezerani anthu oyang'anira osambira, koma chiwerengero cha okwera pa ulendo umodzi chisakwere.

Mphenzi ili ndi muyeso wosavuta. Phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, ndiye mukaona kung'anima n'kumva kugunda masekondi 30 asanathe, mvulayo ili mkati mwa makilomita 10. Onse atuluke m'madzi, ndipo asabwereremo mpaka patadutsa mphindi 30 chimvereni kugunda komaliza.

Boti la injini ndi lofunika, koma poyamba ntchito yake ikhale yopulumutsa ndi kuperekeza. Simukuyenera kugula chaka choyamba ngati pali mwini boti wodalirika pafupi amene mungapangane naye molemba kuti azikhala tcheru nthawi ya maulendo anu, boti lake litayezedwa. Mukadzagula, injini ya mahatchi 15 mpaka 25 ikukwana pa boti laling'ono. Woyendetsa azimanga pamkono kapena pamwendo kachingwe kozimitsira injini, kuti akagwa boti lisazungulire lokha pakati pa anthu. Poyandikira munthu amene ali m'madzi, giya ichotsedwe, ndipo pomukweza injini izimitsidwe, chifukwa pulopela imadula ngati chikwanje. Injini zambiri zosakaniza petulo ndi oyilo zimafuna muyeso wa 50 kwa 1, ndiko kuti theka la lita ya oyilo pa malita 25 a petulo, koma tsatirani buku la injini yanu. Petulo akasowa pa mafilingi anthu amathamangira wa m'zigubu, amene nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala, ndipo injini imakazimira pakati pa nyanja. Muzisefa, ndipo muzikhala ndi wosungira. Thanki igawidwe patatu: gawo lopitira, lobwerera, ndi lotsala. Kamadzi kamene kamatuluka kumbuyo kwa injini kakasiya, zimitsani pomwepo, chifukwa injini yasiya kuzizira. Ulusi wa matchera ukakulungika pa pulopela umadya kamphira kotchinga madzi, madzi n'kulowa m'giyabokosi, ndiye pulopela izichotsedwa ndi kuonedwa kawirikawiri. M'boti musasowe nkhafi, nangula ndi chingwe chake, chokapira madzi, mapulagi apadera, chingwe cholizira injini ndi tochi.

Pali zinthu ziwiri zimene eni malo amakonda kubisa poopa kuthawitsa alendo, ndipo kubisako ndi kulakwa. Choyamba ndi likodzo. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi osaya, odekha, makamaka pa bango ndi pamene anthu amachapa ndi kusamba. Gombe la miyala lomenyedwa ndi mafunde lili ndi chiopsezo chochepa, koma musalonjeze mlendo kuti kwanu kulibe. Muuzeni zoona, musankhe malo osambira kutali ndi bango, ndipo mumulangize kukaonana ndi achipatala pakatha miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa mankhwala a praziquantel sagwira bwino tizilombo tikadali tating'ono. Magaidi anu, amene ali m'madzi tsiku ndi tsiku, aziyezedwa pa ndalama za bizinesi. Chachiwiri ndi ng'ona. Zimakonda pamene mitsinje ikuthira m'nyanja ndi m'madambo a bango, monga kumathiriro a Luweya, ndipo nthawi ya dzinja zimayenda kutali ndi malo ake a masiku onse. Njira ya makayaki isadutse pamathiriro a mtsinje, pasakhale kusambira m'bandakucha, madzulo kapena usiku, ndipo asodzi akanena kuti yaoneka, ulendo uime mpaka a zanyama zakutchire atauzidwa.

Kudumpha kuchokera pamiyala alendo achinyamata adzakupemphani, poti ku Nkhata Bay n'kotchuka. Chaka choyamba kanani. Madzi a nyanja amakwera ndi kutsika chaka chilichonse, ndipo mwala umene unali pansi kwambiri mu Meyi ukhoza kukhala pafupi ndi pamwamba mu Disembala.

Kaphiri kaja ndi kamene kadzakudyetseni masiku a mwera, choncho musakaone ngati kowonjezera chabe. Ulendo uliwonse wa panyanja ugulitsidwe pamodzi ndi wolowa m'malo mwake wa pamtunda, mlendo adziwiretu polipira. Njira ikwere mokhotakhota, isalunjike, ndipo pakhale timingalande topatutsa madzi, chifukwa Nkhata Bay imalandira mvula yambiri, makamaka mu Malichi ndi Epulo, ndipo njira yolunjika imasanduka chigwembe m'dzinja limodzi. Nyamukani 6 koloko m'mawa miyezi yotentha, aliyense ndi lita imodzi ya madzi pa maola awiri alionse, gaidi atanyamula owonjezera ndi mapaketi a Thanzi ORS. Chitedze chilambulidwe m'mbali mwa njira chisanakhwime. Dziwani pamene pali njuchi, ndipo fomu ifunse za amene amatupa akalumidwa, a mphumu, a shuga, a BP ndi a khunyu. Munthu akalumidwa ndi njoka, osacheka, osayamwa, osamanga chingwe chothina: agone, chiwalocho chisagwedezeke, anyamulidwe kupita kuchipatala. Njira ikalowa m'nkhalango ya boma, monga ya Mkuwazi, pamafunika chilolezo cha a zankhalango. Ndipo gaidi wodziwa kufotokoza mmene kondowole amachokera ku chinangwa chovikidwa, chifukwa chake tizilombo touluka totchedwa nkhungu timaoneka ngati utsi pamwamba pa nyanja, kapena mmene nyali zimakokera usipa usiku, amasandutsa kaphiri wamba kukhala ulendo woti munthu akauze anzake. Mukadutsitsa alendo m'mudzi, gwirizanani ndi mudziwo za kangachepe kake, ndipo zithunzi za anthu zizijambulidwa atavomera. Za Nyika, Vwaza ndi mathithi a Manchewe ku Livingstonia zisiyeni kaye kwa amene ali ndi magalimoto oyenera, inu muzingotumizirana nawo alendo.

Dongosolo la ngozi lilembedwe pa pepala limodzi, lipachikidwe mu sitolo ya zipangizo. Nthawi yonse imene alendo ali pa ulendo, pamalopo pakhale galimoto yokhala ndi mafuta, makiyi ndi dalaivala. Yendetsani nokha kuchoka pagombe kukafika ku chipatala cha Chintheche ndi cha boma ku Nkhata Bay, nthawi ya dzinja, muwerenge mphindi zake. Odwala kwambiri amatumizidwa ku Mzuzu Central Hospital, ndipo kuchokera pa Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50 a mseu wokwera ndi wokhotakhota. Kutalika kumeneku ndiko kumachititsa kuti mphindi zoyamba zikhale m'manja mwa gaidi. Womira amene sakupuma amayamba wapatsidwa mpweya kasanu, kenako kupsinja pachifuwa ka 30 ndi mpweya kawiri, mobwerezabwereza. Aliyense amene wamwa madzi n'kutsamwa kwambiri apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti wachira, chifukwa mapapo amatha kuvuta pakapita maola. Pakhalenso buku lolembamo zonse zimene zinatsala pang'ono kuchitika, ndipo wolemba asadzudzulidwe, apo ayi bukulo lidzakhala loyera.

Pa ndalama, chitani masamu awa musanagule kanthu. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikemo anu. Tinene kuti malipiro, inshuwalansi, malaisensi, mlonda ndi ndalama yosungira kudzagula zipangizo zatsopano zikukwana K2,400,000 pamwezi, ndipo mlendo aliyense, mutachotsa chakudya chake, madzi ndi petulo, akusiya K20,000. Mukufunika alendo 120 pamwezi kuti mungobweza. Makayaki atadzaza ndi maulendo 15, koma sadzaza nthawi zonse. Pa alendo 5 ulendo uliwonse ndi maulendo 24, pamene mwezi uli ndi masiku a Loweruka ndi Lamlungu 8 mpaka 10 okha, ena mwa iwo a mwera. Apa mukuona kuti makayaki owonjezera sathetsa vuto. Chimene chikusowa ndi alendo a pakati pa sabata: sukulu, mabungwe amene amachita misonkhano ku Mzuzu, ndi malo ogona alendo a ku Nkhata Bay, Chintheche ndi Kande amene alibe maulendo awoawo ndipo angakutumizireni anthu pa komishoni yogwirizana. Malo a matenti, chimbudzi chaukhondo ndi chakudya chabwino zimabweretsa ndalama ngakhale tsiku limene nyanja yakana. Zipangizo zonsezi zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera nthawi imodzi, ndiye ndalama yosungira zipangizo muziiwerengera pa mtengo wa lero, osati umene munagulira. Landirani dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba ya bizinesi, osati ya mwana kapena ya gaidi, ndipo lembani poyera kuti ulendo ukaletsedwa ndi nyengo mlendo asankha wa pamtunda, tsiku lina kapena kubwezeredwa. Gawo la penshoni lokwana kulipira antchito miyezi 6 popanda mlendo ndi mmodzi yemwe likhale ku akaunti ina, osakhudzidwa pogula katundu.

Chotsala ndi funso limene simunafunse: adzagona pamalopo ndani? Kuchokera ku Katoto simungaone ngati majekete aumitsidwa, ngati petulo wa boti wapita ku njinga yamoto ya munthu, kapena ngati alendo atatu anakwera Lachiwiri osalembedwa. Ngati mwana mmodzi ali wokonzeka kusamukira kumeneko, apatsidwe udindo ndi malipiro olembedwa ngati wantchito wina aliyense, ndipo achite nawo maphunziro onse a magaidi. Ngati palibe, lembani manijala, malisiti akhale a manambala otsatizana, ndipo kope la pagombe la mayina a okwera lizifananizidwa ndi ndalama zolowa sabata iliyonse. Inuyo muzitsikako masiku osapangana, nthawi zina m'mawa kwambiri gulu lisananyamuke, muime pamchenga mumvetsere mmene gaidi akulangizira alendo, ndipo mukoke nokha jekete ya mwana mmodzi m'mapewa.